ZOLENGEDWA ZA ALLAH: Nyama Imene Anthu Adaitcha "Ulesi"



Nkhani ya ulendo uno yachokera ku madrassah kumene ndimaphunzitsa. Tsiku lina masana ndidapeza ana ataunjikana pakhonde, akuseka mpaka ena kugwira m'mimba. Mmodzi adali atabwera ndi foni ya achimwene ake, ndipo pa foniyo padali kanema wa nyama ina yaubweya wotuwa, yankhope ngati ikumwetulira, ikuyesa kudutsa msewu wa tala. Imati ikatambasula mkono umodzi nkukoka thupi, imaima ngati yaiwala kumene ikupita. Magalimoto adali ataima kuidikira. Anawo adandifunsa dzina lake. Ndidawauza kuti pa Chingerezi ndi sloth, ndipo poti mwalimu sakhutira ndi yankho lalifupi, ndidaonjezera kuti mawu amenewo amatanthauza ulesi. Apo mpamene ndidalakwa. Pofika mawa lake dzinalo lidali litakakamira mnyamata wina wa m'kalasi mwanga, amene anzake adamusiya kalekale pa kuloweza Juzu Amma, ndiponso amene amakonda kuwodzera phunziro lili mkati. Choipa nchakuti ine ndemwe ndidali nditamutchulapo kangapo kuti ndi waulesi, anzake akumva.

Za mnyamatayu ndibwererako. Poyamba tiyeni tione ngati nyamayo ikuyenera dzina limene idapatsidwa.

Kuno ku Africa nyamayi kulibe. Kwawo ndi m'nkhalango zowirira za mvula yambiri za ku Central America ndi South America, kuyambira ku Honduras, kutsika ndi Costa Rica, Panama ndi Colombia, mpaka ku Brazil ndi Bolivia. Nchifukwa chake pa Chichewa ndi pa Chiyao ilibe dzina. Akatswiri athu akale amene adalemba mabuku akuluakulu a za nyama, monga Al-Jahiz wa ku Basra ndi Ad-Damiri wa ku Egypt, sadailembe, pakuti onsewa adamwalira chisanafike chaka cha 1492 pamene zombo za Columbus zidafika kutsidya limenelo. Koma zinenero zimene zidakumana nayo zidachita ngati zapangana. Anansi athu a ku Mozambique, amene amaphunzira Chipwitikizi, amaidziwa ndi dzina loti preguiça, kutanthauza ulesi. Pa Chisipanishi ndi perezoso, pa Chifalansa paresseux, ndipo Chiarabu cha masiku ano chimati al-kaslaan. Onsewa akunena chinthu chimodzi: waulesi.

Pali magulu awiri. Ina ili ndi zikhadabo zitatu ku miyendo yakutsogolo, ina ziwiri. Kumbuyo zonse zili nazo zitatu. Ya zikhadabo zitatu ndiyo yankhope yomwetulira ija, yolemera makilogalamu ngati 4, ndipo ndiyo yodekha kwambiri. Ya zikhadabo ziwiri ndi yokulirapo, imayenda usiku, ndipo ikaputidwa imaluma.

Mbiri yoipa ya nyamayi idayamba ndi alendo. Mzungu wina wa ku Spain, Gonzalo Fernández de Oviedo, adalemba za iyo m'chaka cha 1526. Adaisunga pakhomo pake, ndipo poona kuti sikudya kalikonse, adaganiza kuti chakudya chake ndi mpweya. Sadadziwe kuti nyamayo imangosowa masamba amene idazolowera. Patapita zaka zoposa 200, katswiri wotchuka wa ku France, Buffon, adaiweruza kuti ndi cholengedwa chomvetsa chisoni, chodzaza ndi zilema, chimene chidangotsala pang'ono kulephera kukhala ndi moyo. Buffon sadapondepo phazi ku America. Amene adatsutsa maganizo amenewa ndi Mngerezi wina, Charles Waterton, amene adayenda yekha m'nkhalango za ku Guyana nasindikiza buku la maulendo ake m'chaka cha 1825. Iye adaona chinthu chapafupi chimene ena onse adachiphonya: anthu amaiweruza nyamayi ili pansi, pamene malo ake ndi m'mwamba, ndiponso siikhala pamwamba pa nthambi ngati pusi, koma imalendewera kunsi kwake. Mutatenga chambo nkuchiika pamchenga, nanunso mungalembe kuti ndi cholengedwa cholephera.

Tsono chifukwa chiyani imachedwa chotere? Yankho lili pa chakudya.

Sloth imadya masamba, makamaka ya zikhadabo zitatu, imene imakonda masamba anthete a mtengo wotchedwa cecropia ndi mitengo ina yowerengeka. Masamba a m'nkhalango ndi chakudya chosauka. Ndi olimba, mphamvu ndi yochepa, ndipo ambiri ali ndi madzi owawa kapena aululu amene mtengo umadzitetezera nawo. Ng'ombe ndi njovu zimathana ndi vuto limeneli podya zambiri tsiku lonse, koma izo zili ndi mimba zazikulu ndipo zimayenda pansi. Nyama yokhala kunsonga kwa mtengo singakhale yaikulu, nthambi ingathyoke. Ndiye Allah (S.W.T.) adaipatsa njira ina: kudya pang'ono, kugaya pang'onopang'ono, ndi kusataya mphamvu pachabe. Chifu chake chili ndi zigawo zingapo ngati cha mbuzi, ndipo m'menemo muli tizilombo tosaoneka ndi maso timene timasungunula masambawo. Chakudya chimene ife timagaya tsiku limodzi kapena awiri, kwa iyo chimatha kutenga masabata, nthawi zina mpaka mwezi. Mimba yake siikhala yopanda kanthu, ndipo zimene zili m'menemo zimatha kufika gawo limodzi mwa magawo atatu a kulemera kwa thupi lonse. Singathe kuonjezera china chakale chisanapite.

Amayi amene adaphikapo nyemba nkhuni zili zochepa akumvetsa zimene ndikunena. Susonkhezera moto waukulu; umaika chikuni chimodzi kuti chizinyeka pang'onopang'ono mpaka madzulo. Thupi la sloth limagwiritsa ntchito mphamvu yosakwana theka la imene nyama ina ya msinkhu womwewo imafuna. Mnofu wake ndi wochepa. Kutentha kwa thupi lake sikukhazikika pamodzi ngati kwathu kumene kumakhala pa madigiri 37. Kumatsika kufika pa 30 kapena kucheperapo kukazizira, ndipo m'mawa nyamayi imakwera kunsonga kukaothera dzuwa ngati buluzi. Kukazizira masiku ambiri motsatizana, tizilombo ta m'mimba tija timasiya ntchito, ndipo nyamayi ikhoza kufa ndi njala mimba ili yodzaza. Nchifukwa chake siipezeka kunja kwa maiko otentha. Tsiku lonse imayenda mtunda wa mamita ngati 40, umene mwana amathamanga kuchoka pa mzikiti kufika pa chitsime.

Koma musaiyese yofooka. Zikhadabo zake ndi zazitali ngati chala cha munthu wamkulu, zopindika ngati mbedza, ndipo mitsempha yake idapangidwa mwakuti ikakola nthambi imagwira yokha popanda kulimbikira. Imadya ili lende, imagona ili lende, imaswa mwana ili lende, ndipo zimachitika kuti yafa koma ili chigwirire nthambi. Munthu mutamupachika mutu pansi kwa maola angapo amavutika kupuma, chifukwa chiwindi ndi chifu zimapsinja mapapo. Katswiri wina wamkazi wa ku Britain, Rebecca Cliffe, amene wakhala zaka zambiri akuphunzira za nyamazi ku Costa Rica, adafalitsa m'chaka cha 2014 kuti ziwalo za m'mimba mwa sloth zidamangiriridwa ku nthiti zam'munsi ndi timinyewa, mwakuti sizigwera pa mapapo. Khosi nalo lili ndi chodabwitsa chake. Pafupifupi nyama zonse zoyamwitsa zili ndi mafupa 7 a khosi: munthu 7, mbewa 7, ngakhale nyamalikiti ndi khosi lake lonse lija 7. Sloth ya zikhadabo zitatu ili nawo 8, 9 kapena 10, ndipo imatha kutembenuza mutu kuona kumbuyo kwake thupi lili phee. Subhaanallah!

Chimene chidandisangalatsa kwambiri ine mwana wa kunyanja ndi ubweya wake. Pa mbuzi kapena galu ubweya umagona kuchokera pamsana kupita kumimba. Pa sloth umayambira kumimba kupita kumsana, poti mimba ndiyo imayang'ana kumwamba, ndipo mvula imangotsetsereka. Tsitsi lililonse lili ndi timing'alu kapena timizere tosunga chinyezi, ndipo m'menemo mumamera ndere. Inde, ndere ngati zimene timaziona pa miyala ya m'nyanja yathu, zimene mbuna zimapala, ngakhale mtundu wake ndi wina. Nyengo ya mvula nyamayi imaoneka yobiriwira, ndipo ikakhala duu pakati pa masamba munthu amaiyesa chisa cha chiswe kapena mtolo wa zinyalala. Adani ake aakulu ndi jaguar, amene ndi kambuku wa kumeneko, ndi chiwombankhanga chachikulu chotchedwa harpy, champhamvu kuposa nkhwazi yathu, chimene chimazula nyama pa nthambi nkuuluka nayo. Adani amenewa amasaka ndi maso, ndipo diso limagwira msanga chinthu chimene chikugwedezeka. Pusi amapulumuka pothawa. Sloth singathawe, ndiye imapulumuka posaoneka. Kuchedwa kumene ana anga amakuseka kuja ndiko chishango chake.

M'ubweya momwemo mumakhalanso tiagulugufe tausiku, abale ake a kadziwotche, nthawi zina tochuluka kupitirira 100 pa nyama imodzi. Nkhani ya tiagulugufeti imalumikizana ndi khalidwe lina limene lazunguza akatswiri kwa zaka zambiri. Mundikhululukire akuluakulu, ndi nkhani ya kuchimbudzi. Sloth imadzithandiza kamodzi pa sabata. Ya zikhadabo zitatu siingotaya zoipa ili m'mwamba ngati mbalame ayi. Imatsika mtengo wonse mpaka pansi, nkukumba kadzenje ndi kamchira kake kakafupi, nkudzithandiza m'menemo, nkukwerera. Paulendo umodzi wokha imatha kupepuka ndi gawo lalikulu la kulemera kwake. Ndipo pansipo mpamene pali imfa, chifukwa pansi miyendo yake siitha kunyamula thupi, imangodzikoka pamimba. Nanga imadziikiranji pangozi chotere?

M'chaka cha 2014 Jonathan Pauli ndi anzake a ku University of Wisconsin ku America adapereka yankho lawo. Nyamayi ikatsika, tiagulugufe tatikazi timatuluka m'ubweya nkuikira mazira mu ndowe. Mphutsi zimakulira momwemo, ndipo zikasanduka agulugufe zimauluka kukwera m'mitengo kukafuna sloth ina. Tikafera m'ubweya timakhala ngati manyowa a ndere zija, ndipo ofufuzawo adapeza ndere zomwezo m'chifu cha nyamayi, nkuganiza kuti zimaonjezera pa chakudya chake chosauka chija. Akatswiri ena sadakhutire nalo yankho limeneli. Iwo akuti kutsikako ndi njira yosiyirana fungo, kuti yaimuna idziwe kumene kuli yaikazi. Mkanganowo ulipobe. Ine mwalimu wa twahara ndimangoti: nayi nyama imene ili ndi malo ake odzithandizira ndipo imakumba kadzenje, pamene ena a ife, ndi nzeru zathu zonse, tikuipitsabe gombe lomwe timatungapo madzi a wudhu.

Nanga tulo? Mabuku akale ankati sloth imagona maola 15 kapena kupitirira pa tsiku. Chiwerengero chimenechi chidachokera ku nyama zotsekeredwa m'makola. M'chaka cha 2008 Niels Rattenborg ndi anzake adamangirira timakina toyeza tulo pamitu ya ma sloth a m'nkhalango pa chilumba cha Barro Colorado ku Panama, napeza kuti amagona maola osakwana 10. Ndikudziwa anyamata ena m'mudzi mwathu muno amene amaposa pamenepo, ndipo Swala ya Fajr sadaionepo chiyambire Ramadhan yapitayi.

Asodzi adzakondwa kumva kuti nyama yokwawa movutika pamtundayi ndi katswiri wosambira. Mpweya wa m'mimba mwake umaiyandamitsa, mikono yaitali ija imapalasa ngati nkhafi, ndipo m'madzi imafulumira kuposa pamtunda. Imaoloka mitsinje ikuluikulu.

Imabala mwana mmodzi. Kamwanako kamakakamira pamimba pa make kwa miyezi yambiri, ndipo kamaphunzira masamba oyenera kudya ponyambita milomo ya make pamene akudya. Motero banja lililonse limakhala ndi mitengo yake imene limakonda, yosiyana ndi ya anzawo, ndipo sizilimbirana chakudya. Mwana akakula, kawirikawiri make ndiye amasamuka, nkumusiyira mitengo imene waizolowera.

Chilichonse mwa zimene ndafotokozazi chimagwira ntchito pokhapokha nkhalango ili yolumikizana, nthambi kukhudzana ndi nthambi. Munthu akadula mitengo, kapena akalambula msewu pakati, mphatso zonsezi zimasanduka msampha. Gwape akamva nkhwangwa amathawa, mbalame imauluka, koma sloth imakhala duu monga idaphunzirira, nkugwa pamodzi ndi mtengo. Zina zimatsika pansi nkugwidwa ndi agalu kapena kugundidwa ndi magalimoto. Zina zimayesa mawaya a magetsi kuti ndi nthambi, nkupsa. M'chaka cha 2012 anthu atalambula kankhalango kena pafupi ndi mzinda wa Paramaribo ku Suriname, mayi wina wotchedwa Monique Pool ndi anzake adatola nyama pafupifupi 200, zambiri mwa izo ma sloth, pamalo amene anthu ankayesa kuti pali zowerengeka chabe. Zidalipo nthawi yonseyo koma palibe ankaziona. (Ku Suriname komweko ndi ku Guyana kuli abale athu Asilamu ambiri, zidzukulu za anthu amene adatengedwa ku India ndi ku Java kukagwira ntchito m'minda.) Ku Panama kuli mtundu wina waung'ono kwambiri umene udadziwika kwa akatswiri m'chaka cha 2001, wopezeka pa chilumba chimodzi chokha, Escudo de Veraguas, chongokulirapo pang'ono kuposa Chizumulu, ndipo uli pafupi kutha. Ku Costa Rica anthu tsopano amamanga zingwe pamwamba pa misewu kuti nyamazi ziziolokerapo, ndipo m'chaka cha 2021 dzikolo lidaika sloth pakati pa zizindikiro zake. Chithunzi chake chili pa ndalama yawo ya pepala ya makoloni 10,000. Nyama imene Buffon adainyoza ija.

Pali ngozi ina imene idabadwa ndi mafoni athuwa. Alendo okaona malo amalipira ndalama kuti ajambulitse atainyamula, poona kuti ikumwetulira. Kumwetulirako ndi kaumbidwe ka nkhope chabe. Imaoneka choncho ngakhale ili ndi mantha kapena ululu. Ana ambiri a nyamazi amalandidwa kwa amawo chifukwa cha malonda amenewa, ndipo ambiri sakhalitsa.

Tsono tisasokoneze zinthu. Ulesi ndi matenda enieni, ndipo Mtumiki wathu Muhammad (S.A.W.) ankapempha Allah kuti amuteteze ku ulesi. Waulesi ndi munthu amene mphamvu ali nayo, nthawi ali nayo, ntchito akuiona, koma safuna. Wina asatenge magazini ino nkukaonetsa bambo ake kuti mwalimu wati kugona mpaka dzuwa kufika pamutu ndi nzeru. Sloth siili choncho. Iyo imagwiritsa ntchito zonse zimene idapatsidwa, osatsalako kanthu. Amene adaitcha dzina adaona kuchedwa, sadafunse chimene imadya.

Funso limenelo ndi limene inenso sindidafunse. Nditamaliza kuwerenga za nyamayi ndidachita manyazi, ndipo Lachisanu lina titatuluka ku Jumu'ah ndidapita kwawo kwa mnyamata uja. Ndidapeza agogo ake akuyanika usipa pathandala. Nditapereka salaam ndi kufotokoza chimene ndadzera, adakhala chete kanthawi, kenaka adati, "A mwalimu, mwanayu ndiye mwamuna wa pakhomo pano. Bambo ake adapita ku Joni, chaka chino nchachinayi, ngakhale foni. Usiku amapita ndi amalume ake ku chilimira, amabwera kunja kukuyera, nkusamba, nkupita kusukulu. Kwa inu amabwera asanadye, ufa ukavuta."

Ndidati, "Agogo, bwanji simudandiuze?"

Adati, "Mudafunsa?"

Sindikufanizira mwana wa munthu ndi nyama ya m'tchire, Allah andikhululukire. Munthu ali ndi ulemerero wake. Ndikungovomera kuti ndidachita zimene adachita Buffon, ndipo iye tingamukhululukire poti nkhalangoyo idali kutsidya la nyanja yamchere, pamene ine nyumba ya mwanayo ili kuseri kwa mzikiti. Surah Al-Hujurat, imene ndimaiphunzitsa chaka ndi chaka, imatiletsa kuitanana ndi mayina onyozana, koma dzina lonyoza lidatuluka pakamwa pa mwalimu. Akulu adati kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo ine sindidadekhe.

Loweruka lake ndidawasonkhanitsa ana onse nkuwafotokozera zimene mwawerengazi. Nkhani ya kadzenje ndi tiagulugufe idawaseketsa kuposa kanema uja. Ndidapepesa kwa mnyamatayo pamaso pawo, chinthu chimene sichapafupi kwa mwalimu, ndipo ndidaletsa dzinalo. Sindinganame kuti lidatheratu; ndimalimvabe apo ndi apo kumpira, ngakhale sililumanso monga kale. Tidagwirizana ndi amalume ake kuti masiku a mwezi wowala, pamene usipa subwera ku nyali ndipo mabwato ambiri amakhala pagombe, mnyamatayo azibwera kwathu itatha Maghrib, adye nafe, kenaka tiwerenge. Komiti ya mzikiti ikukambirana za phala la ana a madrassah, ndipo makolo amene muli ndi chimanga chapadera mudzamva kugogoda pakhomo. Nthawi imene ankasekedwa adali atakhala miyezi iwiri pa Surah Al-Aadiyaat. Pamene ndikulemba pano, Alhamdulillah, wadutsa Al-Bayyinah, imene imagwetsa ngakhale ana ochangamuka.

Usiku wina titamaliza kuwerenga adandifunsa, "Mwalimu, kodi nyama ija idaoloka msewu uja?" Tidabwereka foni ija nkuonera mpaka kumapeto, pakuti tsiku loyamba lija kuseka kudatilepheretsa. Bambo wina adatsika m'galimoto, naigwira kumsana kumene zikhadabo sizifika, naipititsa pa mtengo wa m'mbali mwa msewu. Idakola thunthu ndi mkono umodzi, kenaka winawo, nkuyamba kukwera.

Magazini ikubwerayi, Insha Allah, tidzakamba za njuchi.